Mawu Khumi ndi Awiri

Mwezi wa Julaye kwathu kuno ku Dedza si mwezi wochezera panja. Dzuwa likangopendeka, nkhungu imatsika m'phiri la Chongoni n'kuphimba minda ya kachewere, ndipo aliyense, mwana ndi wamkulu yemwe, amafunafuna pamene pali moto. Udali usiku wotere, zaka ziwiri zapitazo, pamene mwana wa mlongo wanga, amene ankagwira ntchito ya zomangamanga ku Johannesburg, adadikira kuti onse akagone nasendera pafupi ndi ine. Adatulutsa foni m'thumba la jekete, naiyang'ana kanthawi, kenaka adati:

"Amalume, ndalama zonse zimene ndakhetsera thukuta zaka zisanu ndi chimodzi zili m'mawu khumi ndi awiri. Mawuwo ndimawadziwa ndekha. Ndikapanda kubwerako ulendo uno, amayi, akazi anga ndi ana sadzaona ngakhale khobidi limodzi. Ndichite bwanji?"

Ndidayamba ndaseka, poyesa kuti mnyamatayo wagwa m'manja mwa asing'anga olonjeza chuma. Koma nkhope yake sidali ya munthu wanthabwala. Adandifotokozera mofatsa, ndipo m'mene tambala woyamba ankalira n'kuti nditazindikira kuti funso lake, ngakhale lidabwera litavala zachilendo, ndi funso lakale ngati nkhokwe. Kodi munthu asunge yekha chuma chake, kapena akaikize kwa ena? Ndipo ngati wasankha kusunga yekha, kodi chinsinsi cha pamene wasunga n'chake yekha?

Tisadapite patali, ndi bwino kuti timve chimene mnyamatayu ankanena. M'chaka cha 2008, munthu wina, kapena gulu la anthu, wodzitcha Satoshi Nakamoto adalemba za mtundu watsopano wa ndalama zosasindikizidwa ndi boma lililonse ndiponso zosadzera ku banki. Ndalamazi, zotchedwa Bitcoin, zidayamba kugwira ntchito mu Januwale 2009, ndipo pambuyo pake padabadwa mitundu ina yambirimbiri imene pa Chingerezi amaitchula ndi dzina limodzi loti cryptocurrency. Ndalama zotere sizigwirika ndi manja. Zimangokhala zolembedwa m'kaundula wamkulu amene makompyuta zikwizikwi a m'maiko osiyanasiyana amasunga mofanana, kotero kuti palibe munthu mmodzi amene angafufute kapena kusintha cholembedwamo mwa yekha. Kaundulayo ndi wapoyera: aliyense angathe kuona kuti pa nambala yakutiyakuti pali ndalama zochuluka chotere. Koma wokhoza kuzisuntha ndi yekhayo amene ali ndi kiyi wa nambalayo.

Pali njira ziwiri zosungira kiyi ameneyu. Yoyamba ndiyo kuikiza ndalamazo ku kampani yogulitsa ndi kusinthitsa; kampaniyo ndiyo imasunga kiyi, ndipo mwini ndalama amangotsala ndi lonjezo. Yachiwiri, imene mnyamata wathu adasankha, ndiyo kuika m'foni pulogalamu yotchedwa waleti, monga Trust Wallet, MetaMask kapena BlueWallet, imene imapanga kiyi m'foni momwemo osamutumiza kwa wina aliyense. Tsiku loyamba pulogalamuyo imakuonetsa mawu a Chingerezi khumi ndi awiri, nthawi zina 24, otoledwa mwachisawawa pa mndandanda wa mawu 2,048, ndipo imakulangiza kuti uwalembe papepala m'ndondomeko yake. M'mawu amenewo ndimo mwagona kiyi. Foni ikagwera mumtsinje wa Linthipe, kapena akakutsomphola pa depoti, chuma sichinapite: ugula foni ina, ulembamo mawu aja, ndipo zonse zibwerera m'malo mwake. Koma wina akangoona mawuwo, ngakhale ali kutsidya kwa nyanja yamchere, angathe kukokolola zonse m'kamphindi. Ndipo mawuwo akatayika pamodzi ndi foni, palibe ofesi, palibe bwalo la milandu, palibe mfumu kapena nduna imene ingakubwezere.

Apa ndipo pali kusiyana ndi Airtel Money kapena Mpamba, zimene tidayamba kuzizolowera m'zaka za 2012 ndi 2013. Ukaiwala nambala yachinsinsi ya zimenezi umanyamula chiphaso chako cha unzika kupita ku ofesi, ndipo amakuthandiza. Ukatumiza ndalama pa nambala yolakwika pamakhala poyambira kudandaula. Pa waleti yodzisungira wekha palibe zotere. Madzi akatayika saoleka.

Nanga n'chifukwa chiyani munthu wanzeru zake angasankhe kusenza katundu wolemera chonchi? Tisafulumire kumuweruza, pakuti zifukwa zake n'zomveka. Mmalawi wogwira maganyu m'dziko la eni, makamaka amene mapepala ake ndi osakwanira, savomerezedwa msanga kutsegula buku ku banki. Akasunga ndalama m'chipinda chogona anthu asanu, tulo sabwera. Ndiponso sakhala ndi chitsimikizo chakuti mawa kucha ali pamalo omwewo. M'chaka cha 2008 kudabuka zipolowe zolimbana ndi alendo ku South Africa, ndipo m'chaka cha 2015, zitabukanso ku Durban, boma la Malawi lidatumiza mabasi kukatenga nzika zake. Ambiri adafika kuno ndi zovala za pathupi zokha. Munthu amene adaona zimenezo ndi maso ake amalakalaka chuma chimene sichingapse m'nyumba, ndiponso chimene sangachilande pa chipata cha dziko.

Mwina wina angati, bwanji osangotumiza ndalamazo kumudzi? Nayonso njira imeneyo ili ndi minga yake. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha idachepetsedwa ndi magawo 25 pa 100 alionse, ndipo mu Novembala 2023 idachepetsedwanso ndi magawo 44. Mlimi amene adasunga ndalama zogulira feteleza wa kachewere adadzuka m'mawa n'kupeza kuti ndalama zake zilipo zonse, osasowapo ngakhale imodzi, koma matumba amene zingagule achepa. Wakuba wotere sathyola chitseko ndipo sasiya mapazi pakhomo. Akuluakulu athu nawonso ali ndi chilonda chawo. Ambiri mwa amene adapita kumigodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela ndi ku Theba akhala zaka zambirimbiri akulondola ndalama zimene adagwirira ntchito, ndipo ena adatsikira kulichete asadazilandire.

Ngakhale makampani osungira anthu Bitcoin adaonetsa kuti woikizidwa sakhulupirika nthawi zonse. Mu Febuluwale 2014 kampani ya Mt. Gox ya ku Tokyo, imene idali yaikulu koposa zonse pa malondawa, idatseka zitseko italengeza kuti ma Bitcoin pafupifupi 850,000 asowa. Mu Novembala 2022 kampani inanso yotchuka, FTX, idagwa, ndipo zidadziwika kuti ndalama za anthu zinkagwiritsidwa ntchito zina eni ake osadziwa. Mwini kampaniyo, Sam Bankman-Fried, adalamulidwa mu Malichi 2024 kukhala m'ndende zaka 25. Choncho wodzisungira yekha akamanena kuti chuma chimene kiyi wake ali m'manja mwa wina si chako, sakunena zachilendo. Makolo athu adanena kale kuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Pali ulemu weniweni pakuti munthu wosauka, amene moyo wake wonse wakhala akuima pa mizere kupempha zake zomwe, akhale ndi chinthu chimodzi chimene sasowa kupempha chilolezo kwa aliyense kuti achigwiritse ntchito. Ufulu umenewo sitiyenera kuunyoza.

Komatu walira mvula walira matope. Amene wakana kuikiza wavomera kukhala yekha mlonda, mlembi ndi nkhoswe ya chuma chake, usana ndi usiku, ali bwino kapena akudwala, ali wosaledzera kapena ataledzera. Munthu wina wa ku Newport m'dziko la Wales, James Howells, adali ndi ma Bitcoin pafupifupi 8,000 amene kiyi wake adali m'kachipangizo ka kompyuta. M'chaka cha 2013 kachipangizoko kadatayidwa ku dzala la mzindawo pamodzi ndi zinyalala. Kwa zaka zoposa khumi adapempha akuluakulu a mzinda kuti amulole kufukula dzalalo, koma adamukaniza, ndipo mu Januwale 2025 bwalo la milandu lidataya dandaulo lake. Winanso, Stefan Thomas, katswiri wa makompyuta, adataya kapepala kamene adalembapo mawu otsegulira kachipangizo kosunga ma Bitcoin 7,002. Kachipangizoko kamalola munthu kuyesa kakhumi kokha, ndipo pofika chaka cha 2021 n'kuti atayesa kasanu ndi katatu osaphula kanthu. Anthu awiriwa sadaberedwe ndi wina aliyense. Chuma chawo chikuoneka m'kaundula, monga mwezi umaonekera m'chitsime, koma sangachitunge.

Ife a kumudzi nkhani zotere sizitidabwitsa kwenikweni. Ndi mudzi uti umene ulibe nkhani ya nkhalamba imene idakwirira ndalama mumphika pansi pa mphasa, chiswe n'kuzidya, kapena idazisomeka kudenga la udzu, nyumba n'kupsa? Ena adasunga ndalama za mapepala mpaka boma lidasintha ndalama, monga zidachitikira m'chaka cha 2012, ndipo olowa m'malo mwawo adafukula mapepala osagula ngakhale mchere. Kusiyana n'kwakuti mphika wokwiriridwa mwana wolima angaukumbe mwangozi patapita zaka, pamene mawu khumi ndi awiri amene adali m'mutu mwa munthu amalowa naye m'manda. Kuwonjezera apo, akathyali sagona. Amapanga mapulogalamu onyenga ofanana ndi enieni, amatumiza mauthenga odzitcha athandizi a kampani, ndipo chimene amafuna n'chimodzi: kuti mwini waleti alembe mawu ake pamalo pamene iwo angawaone. Mtengo wa ndalamazi nawonso sukhazikika. Mu Novembala 2021 Bitcoin imodzi idafika pa madola a ku America pafupifupi 69,000, koma chaka chimodzi chitatha idatsika kufika pafupifupi 16,000. M'chaka cha 2019 Reserve Bank of Malawi idachenjeza anthu kuti ndalama zamtunduwu si ndalama zovomerezeka za dziko lino, ndi kuti wochita nazo malonda adziwe kuti zikamuvuta adzasenza yekha.

Tsono tifike pa mtima wa nkhaniyi. Okonda njira imeneyi amanyadira kuti safunika kukhulupirira munthu aliyense. Kodi zimenezi n'zoona? Ndidamufunsa mnyamata uja ngati adawerengapo malamulo amene pulogalamu ya m'foni mwake idalembedwera, kuti atsimikize kuti simatumiza mawu ake kwina mobisa. Adapukusa mutu. Ndiye kuti adakhulupirira amisiri amene sadawaonepo, ndi akatswiri ena amene amati adaifufuza. Adakhulupirira opanga foni. Adakhulupirira mnzake amene adamuphunzitsa. Tsiku lofuna kugula malata adzayenera kukhulupirira wamalonda amene adzamusinthire ndalamazo kukhala makwacha. Gawo lina la ndalama zake adalisunga mu USDT, mtundu umene mtengo wake umatsatira dola, koma kumbuyo kwake kuli kampani ya Tether, imene imalonjeza kuti ili ndi chuma chokwanira kuimira ndalama iliyonse, ndiponso ili ndi mphamvu yoimitsa ndalama za pa nambala imene yaikayikira. Choncho kukhulupirira sikudathe ayi, kudangosamuka. Kudachoka pa banki ya pa boma, imene munthu angathe kukagogoda pa chitseko chake, n'kukatera pa anthu osaoneka, ndiponso pa mutu wa mwini wake, umene umaiwala, umadwala ndipo tsiku lina udzaleka kuganiza. Kalikokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Makina angachepetse chiwerengero cha anthu amene tiyenera kuwakhulupirira, koma sangachifikitse pa palibe.

Funso lachiwiri ndi lolemera kuposa loyamba. Kodi chuma chimene mnyamatayu adasunga chidali chake yekha? Njerwa adanyamula ndi iye, chipongwe cha m'dziko la eni adapirira ndi iye, ndipo palibe angakane kuti ali ndi ufulu wolamulira thukuta lake. Koma ndani adalipira sukulu imene idamuphunzitsa kuwerenga mawu a Chingerezi ajawo? Ndi mayi ake, amene ankaima m'mbali mwa msewu wa ku Lilongwe ndi ndowa ya kachewere, chisanu chikulowa mpaka m'mafupa. Ndani ankalima munda ndi kugoneka ana odwala malungo zaka zisanu ndi chimodzi zonsezo? Ndi mkazi wake. Ndalama ya basi ya ulendo woyamba idachokera pa mbuzi ziwiri za mbumba. Chuma cha munthu chimakhala ndi angongole amene sadalembedwe m'buku lililonse. Kiyi angakhale wa mmodzi, koma chuma chimene amatsegula chimakhala ndi eni ambiri. Amene wafa ndi mawu ake m'mutu sadangotaya zake zokha. Watenga chakudya cha ana ake n'kukachikwirira pamene khasu silingafike. Sadafune kuwalanda, n'zoona, koma mwana wanjala sasiyanitsa pakati pa wolanda ndi woiwala.

Chinsinsi cha munthu mmodzi chili ndi choipa chinanso: chimabisa ngozi, komanso chimabisa chinyengo. Mu Disembala 2018 Gerald Cotten, mwini wa kampani ya QuadrigaCX ya ku Canada, adamwalira ali paulendo ku India. Kampaniyo idauza anthu oikiza ndalama zawo kuti mawu otsegulira nkhokwe zake ankawadziwa ndi malemuyo yekha. Anthu adalira poganiza kuti chuma chawo chatsekeredwa. Koma ofufuza atalondola bwino adapeza kuti nkhokwezo zidali zopanda kanthu kale, pakuti mwini wakeyo adaononga ndalama zambiri akali moyo. Pamene palibe maso achiwiri, ngakhale munthu amene adayamba bwino amapotoka. N'chimodzimodzi m'banja: bambo amene chuma chake sichidziwika ndi aliyense angathe kuchimwaza pa juga kapena pa nyumba ina, kwinaku kwawo akunena kuti ntchito sikuyenda.

Phiri lomwe lili pamwamba pa mudzi wathu limatiphunzitsa kanthu pa za zinsinsi. M'mapanga ndi pa matanthwe a dera la Chongoni muli malo 127 a zojambula zakale, amene bungwe la UNESCO lidawaika m'chaka cha 2006 pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Zojambula zofiira, monga za ku Mphunzi, akatswiri amati adajambula ndi Akafula, anthu osaka nyama amene adakhala kuno makolo athu asadafike. Zoyera n'za Achewa, ndipo zimakhudza chinamwali ndi gule wamkulu. Zonsezi zili poyera, aliyense angathe kuziona, monga m'mene kaundula wa Bitcoin alili. Koma tanthauzo la zofiira tikungoliyerekeza, chifukwa eni ake adatha ndipo kiyi adapita nawo. Zoyera zilipobe ndi omasulira, osati chifukwa chakuti sizidali zachinsinsi, koma chifukwa chakuti chinsinsi chake chidali ndi njira yoyendamo. Anamkungwi sankaulula mwambo pamsika, komanso sankafa nawo. Ankaupereka kwa woyenera, pa nthawi yoyenera, pamaso pa mboni. Makolo adadziwa kuti chinsinsi chouza aliyense si chinsinsi, ndipo chinsinsi chosauza aliyense ndi maliro.

Pano wowerenga wina adzanditsutsa, ndipo ali ndi mfundo. Adzati: kodi simudaone achibale akulanda katundu wa masiye maliro asadatuluke n'komwe m'nyumba? Kodi si chifukwa chake Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa m'chaka cha 2011 lamulo latsopano la chuma cha masiye, limene limati kulanda chuma chotere ndi mlandu? Kodi mayi amene mwamuna wake amamwera mowa ndalama ya fizi akulakwa akabisa kangachepe kake m'foni? Sakulakwa ayi. Kwa mayi wotere mawu khumi ndi awiri angakhale linga limene agogo ake sadakhale nalo. Ndipo munthu wouza aliyense za chuma chake amaitana akuba, ansanje ndi opempha osatha. Sindikunena kuti chinsinsi n'choipa. Ndikunena kuti pali kusiyana pakati pa kubisa ndi kumana. Timabisira wakuba, timamana mwini gawo. Muyeso wake ndi wosavuta, ngakhale kuti umawawa: nditati ndafa usiku uno, kodi chinsinsi changa chidzateteza amene amandidalira, kapena chidzawasiya manja ali m'khosi? Ngati yankho lili lachiwirilo, ndiye kuti chimene ndikuchitcha kuchenjera n'kusasamala kovala bwino.

Chodabwitsa n'chakuti yankho la vutoli amayi a m'mudzi mwathu ali nalo kale. Magulu a banki mkhonde, amene njira yake idayambitsidwa ndi bungwe la CARE m'dziko la Niger m'chaka cha 1991, amasunga ndalama m'bokosi lachitsulo la maloko atatu. Makiyi atatuwo amasunga anthu atatu osiyana, ndipo bokosilo limagona kwa munthu wachinayi amene alibe kiyi ngakhale mmodzi. Limatsegulidwa pamaso pa gulu lonse. Amayiwa sapita ku banki ya pa boma, choncho nawonso amadzisungira okha. Koma sadasenzetse munthu mmodzi denga lonse. Sakhulupirira aliyense mopitirira muyeso, komanso sakana kukhulupirirana. Amisiri a Bitcoin nawonso adatulukira njira yofanana nayo, yotchedwa multisig, imene ndalama zimasuntha pokhapokha makiyi awiri mwa atatu avomerezana. Njirayi ndi yovutirapo kukonza, koma phunziro lake n'lomwelo: ngakhale makina apamwamba adafika pomwe amayi a pamkhonde adafika, kuti chuma chimasungika bwino pamene kukhulupirira kwagawidwa. Ndipo makinawo angakupatse makiyi atatu, koma sangakupatse anthu atatu oyenera kuwasunga. Amenewo umawapeza ndi m'mene wakhalira ndi anzako.

Kutacha tidachita zimene tikadatha ndi nzeru zathu za kumudzi. Mnyamatayo adalemba mawu aja papepala ndi dzanja lake, ali yekha m'chipinda, osawajambula ndi foni kapena kuwatumiza pa WhatsApp. Adamata envulopu, nasaina pamwamba pa chomatiracho, naikulunga m'pulasitiki kuopa chinyezi ndi chiswe. Kenaka adaitana mkazi wake ndi mayi ake, nawauza kuchuluka kwa chumacho ndi m'mene chidzagawidwire iye atapanda kubwera. Mlongo wake, amene amadziwa bwino za mafoni, adaphunzitsidwa kagwiritsidwe ntchito ka mawuwo popanda kuwaona. Potsiriza adagwada, nandipatsa envulopuyo ndi manja awiri.

"Amalume, inu ndinu mwini mbumba. Mundisungire."

"Ndamva, mwana wanga," ndidatero, "koma ukudziwa chimene wandipatsa?"

"Ndikudziwa," adayankha, ndipo sadawonjezere mawu ena.

Usiku umenewo amene adasowa tulo ndidali ine. Plato, munthu wanzeru wa ku Greece amene adakhalako zaka zoposa 2,300 zapitazo, adalemba m'buku lake lotchedwa Republic nthano ya mphete ya Gyges. Mbusa wina adatola mphete imene inkamuchititsa kusaoneka akaitembenuza pachala, ndipo atazindikira kuti palibe womuona adapha mfumu n'kulanda ufumu. Funso la nthanoyo n'lakuti: kodi munthu amachita chilungamo chifukwa chochikonda, kapena chifukwa choopa kugwidwa? Envulopu ija idali mphete yotere. Wodziwa mawuwo akadatha kusamutsa chumacho osathyola loko, osasaina pena paliponse, ndipo kaundula akadangoonetsa nambala yopanda dzina. Mwina akadandikayikira, koma umboni ukadasowa, pakuti akathyali a pa intaneti ndi ambiri ndipo mlandu ukadagwera iwo. Denga la nyumba yanga linkadontha. Ndidali ndi ngongole ya feteleza. Sindinama, maganizo amenewo adadutsa m'mutu mwanga monga amadutsira mwa munthu aliyense, ndipo ndidachita manyazi ndili ndekha mumdima. Pamenepo ndidazindikira kuti makina atsopanowa sadachotse funso la khalidwe pa nkhani ya ndalama. Adangochotsa mlonda, mlembi ndi woweruza, n'kusiya munthu ali yekha ndi chikumbumtima chake.

Makolo adati kupatsa n'kuikiza. Kale munthu ankaikiza mbuzi kapena ng'ombe m'khola la mnzake kutali, kuti matenda kapena akuba akagwa pakhomo pake mbewu ya ziweto isathe. Mwambo umenewo sunkayenda chifukwa cha maloko. Unkayenda chifukwa chakuti padali anthu amene akadalola kugona ndi njala kusiyana ndi kupha mbuzi yoikizidwa. Inu achinyamata amene mukukula foni ili m'manja mudzakumana ndi njira zosungira chuma zimene ife sitidazilote. Ziphunzireni bwino musadaikemo khobidi, pakuti safunsa adadya phula. Musaike chimene simungathe kuchitaya, ndipo musapereke mawu anu kwa mlendo wa pa intaneti ngakhale alankhule mokoma chotani. Koma mukatha kuphunzira zonsezo mudzatsala ndi mafunso awiri amene pulogalamu iliyonse singakuyankhireni. Kodi ndili ndi munthu amene ndingamupatse mawu anga? Nanga ineyo, kodi ndine munthu amene wina angandipatse ake?

Nkhaniyi ndailemba momasuka chifukwa idatha. Mnyamata uja adabwerako ndi moyo, adasinthitsa ndalama zake pang'onopang'ono mpaka waletiyo idatsala yopanda kanthu, ndipo nyumba yake ya malata yaima kumtunda kwa munda wa mayi ake. Madzulo ena a chisanu, tikuotha moto pamalo omwe aja, ndidalowa m'nyumba n'kutulutsa envulopu, ndi kumupatsa ndi manja awiri monga adandipatsira. Ndidayembekeza kuti aitembenuza kuti aone ngati siginecha yake ili bwinobwino pa chomatira. Sadaitembenuze. Adangoichotsa m'pulasitiki n'kuiponya pamoto, nandifunsa ngati mbewu ya kachewere ya chaka chino tikagule ku Bembeke kapena kutsidya ku Angonia.